Tifunseni: Kilombero, Faya, Pussa ndi mipunga ina, kusiyana kwake kuli pati?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza ndi a mpunga, mwina poti anthu amweta kumene, m'misika matumba ali mbwee ndipo aliyense akufuna kugula wosunga mtengo usanakwere. Ndasankhapo angapo. Ena anali aatali nde ndawadula, koma mfundo yake sindinaisinthe.

FUNSO: Zikomo. Ndinagula mpunga ndowa imodzi pamsika wina kuno ku Blantyre, wogulitsayo analumbira kuti ndi Kilombero weniweni wa ku Karonga ndipo ndinalipira mtengo wa Kilombero. Kufika kunyumba kuphika, fungo olo pang'ono, komanso wina wapsa wina ukadali wolimba mkati. Kodi Kilombero wa masiku ano ndi wotere kapena anandipusitsa? Weniweni tingamudziwe bwanji?
Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Pepani mayi, zimenezi zimawawa makamaka masiku ano ndalama ikuvuta chonchi. Mmene mwafotokozeramu mpunga wanuwo ndi wosakaniza, ndipo chimene chikundiuza ndi pomwe mwati wina wapsa wina ukadali wolimba. Mpunga wa mtundu umodzi wokololedwa nyengo imodzi umapsera limodzi. Mukaona m'poto momwemo njere zina zaphulika zina zikadali gwa, dziwani kuti muli mitundu iwiri kapena itatu, kapena watsopano waphatikizidwa ndi wa chaka chatha.

Alipo mavenda amene amasakanizadi dala, thumba limodzi la Kilombero matumba awiri a wotchipa, pamwamba nkuwaza wabwino uja kuti kasitomala akanunkhiza akhutire. Koma pena kusakanizaku kumayambira kumunda komwe, mlimi wakhala akubwereza mbewu yomweyo zaka ndi zaka, m'puloti mwamera wina wotsalira wa nyengo yatha, pomenyera ndi pamodzi, kuchigayo nako wanu ukulowa wa mnzanu usanathe kutuluka, nde pofika pamsika olo wogulitsayo amakhulupiriradi ndi mtima wonse kuti ali ndi Kilombero.

Kilombero amadula chifukwa ndi wovuta kulima. Ndi wamtali msinkhu, amatenga pafupifupi miyezi isanu m'munda, amalimidwa kamodzi pachaka nthawi ya mvula, ndipo pa ekala yomweyo amatulutsa matumba ochepa mukayerekeza ndi mbewu zamakonozi. Mlimi amapirira zonsezo chifukwa cha fungo lake ndi kakomedwe kake, njere zazitali, zofewa bwino koma zosamatana. Dzinali ndi la chigwa cha Kilombero ku Tanzania, koma kuno kwathu amadziwika ndi Karonga, cha ku Kaporo ndi m'masikimu monga Hara, Wovwe ndi Lufilya, ngakhale alimi a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi ku Bwanje amamulimanso. Nde mawu oti "wachokera ku Karonga" paokha si umboni ayi, ku Karongako amalimanso mitundu ina.

Faya nayenso ndi wonunkhira, wakalekale, wokhalitsa m'munda chimodzimodzi, ndipo alipo anthu ambiri amene mutawaikira awiriwa angasankhe Faya. Pussa, amene m'mabuku a zaulimi amalembedwa kuti Nunkile, kafungo ali nako koma kapatali. TCG 10, dzina lake lina Mtupatupa, iyeyo amadziwika ndi kubereka ndi kutupa m'poto. Wonsewu ndi mpunga wabwino ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. Choipa ndi kukugulitsani wina pa mtengo wa unzake.

Fungo limene timalikondali limachokera ku kanthu kena kamene kamakhala m'njeremo, a sayansi amati 2-acetyl-1-pyrroline, komweko kamene kamanunkhiritsa Basmati wa ku India ndi Jasmine wa ku Thailand. Kanthuka kamauluka. Mpunga ukapunthidwa nkukhala miyezi m'thumba lotsegula padzuwa la pamsika, olo utakhala Kilombero wosasakaniza, fungo limazilala ndithu.

Nde ulendo wina pogula musatape pamwamba, pisani dzanja mkati mwa thumba mpaka mkono ulowe. Ikani njerezo pachikhatho muone ngati zili zofanana kutalika ndi maonekedwe, zikakhala zina zazitali zina zonenepa zazifupi, zina zoyera mbee zina zotuwa, musiyeni. Kenako tikitani m'manja, uzirani mpweya wa mkamwa wofundawu ndi kununkhiza, kapena tafunani njere zingapo, mpunga wonunkhira umamveka ukadali wauwisi. Ndipo ngati mukufuna ndowa kapena thumba, bola mugule kaye kapu imodzi mukaphike, mawa mubwerere kwa yemweyo. Venda wachilungamo sangakane zimenezo. Wa m'mapaketi monga wa NASFAM umadulirapo koma umakhala wosankhidwa, ndipo mudziwe kuti Kilombero wa alimi a ku Kaporo wakhala akugulitsidwa mpaka ku Scotland kudzera ku bungwe limene linkatchedwa Just Trading Scotland. Mpunga wathuwu suchepa kwa wakunja uliwonse, chimauonongera mbiri ndi kusakanizaku.

FUNSO: Ndine mlimi, ndili ndi mapuloti awiri pa sikimu ina kuno ku Machinga. Chaka chatha nditaona mtengo wa Kilombero ndinaganiza zomulimanso m'chilimwe ndi madzi a mthirira, ndinawokera mu Ogasiti. Anzanga a Pussa anafika pomweta wanga akungokula masamba, ngala zinatuluka mochedwa komanso zochepa, mbalame nazo zinandithera. Feteleza ndinathira wokwanira. Ndinalakwitsa pati?
Bambo wa ku Machinga

YANKHO: Bambo, feteleza alibe mlandu, madzi alibe mlandu, nkhani ndi nyengo. Mbewu zakale monga Faya ndi Kilombero kuti zitulutse ngala zimayendera kutalika kwa usana. Kuno kwathu usana umakhala wautali kwambiri mu Disembala, kenako umanka nufupika pang'onopang'ono mpaka Juni, ife sitizindikira nkomwe chifukwa kusiyana kwake ndi kochepa koma mbewuyo imamva. Imadikira usana ufupike kuti imasule, nchifukwa chake amene anawokera koyambirira kwa Januwale ndi amene anachedwako masabata angapo mpunga wawo umamasula motsatana kwambiri cha mu Malichi kapena Epulo. Tsono inu munawokera mu Ogasiti pamene usana ukunka nutalika, mbewu yanu inalibe choiuza kuti nthawi yakwana, inangopitiriza kukula masamba. Za mbalamezo ndi zotsatira chabe, munda ukatsala wokha wakucha anzanu onse atamweta, mpheta za sikimu yonse zimathera kwa inu.

Pussa ndi anzake ndi ena. Awa ndi a gulu la mbewu zazifupi msinkhu zimene zinayamba kufala padziko kuchokera mu 1966, pamene bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines linatulutsa mbewu yotchedwa IR8. Sizisamala za usana, masiku ake akakwana zimamasula basi, kaya ndi dzinja kaya ndi chilimwe, ndipo poti phesi lake ndi lalifupi komanso lolimba mutha kuthira feteleza wokwanira osagwa. Pussa iyeyo anachokera ku India, m'nyengo ya mvula amacha miyezi inayi isanathe, m'chilimwe amachedwerapo chifukwa cha kuzizira koyambirira kuja. Kuzizirako muzikusamala, mpunga ukamasula m'chisanu cha Juni ndi Julayi ngala zambiri zimakhala mankhusu okhaokha opanda kanthu mkati, nde nazale ya m'chilimwe iziikidwa moti pomasula kukhale kutayamba kufunda.

Ine ndikanakhala inu, dzinja ndikanalima Kilombero kapena Faya, chilimwe Pussa, Mtupatupa, Vyawo, Senga kapena Changu malinga ndi amene ogula a kwanuko amamufuna. Ku Lifuwu, ku Salima, kumene boma limachitira kafukufuku wa mpunga, kunatulukanso mbewu zina zatsopanoko monga Kayanjamalo, Katete ndi Mpatsa, afunseni alangizi a pa sikimu panupo kuti yopezeka ndi iti. Ndipo dzinja likafika Kilomberoyo musamuunjikire Urea ngati mmene mumachitira ndi Pussa, amangotalika nkugwera m'madzi ngala zikalemera, ndipo mpunga wogwa ndi umene umadzasweka kuchigayo.

Chimene ndingakupempheni kwambiri ndi cha mbewu. Puloti yomweyo ikamalandira Pussa m'chilimwe ndi Kilombero m'dzinja, njere zogwera pansi zimamera pakati pa mbewu yatsopano. Muziyendera munda nthawi yomasula, phata lililonse limene lafulumira, lachedwa, latalika kapena lafupika mosiyana ndi anzake zulani osamva chisoni, makamaka pamene mukufuna kudzatengapo mbewu. Pakatha nyengo zitatu kapena zinayi gulaninso mbewu yovomerezeka. Dandaulo la mayi a ku Chilomoni lija mbali ina lingathere m'manja mwa alimi ngati inu.

Kwa owerenga amene alibe dambo kapena puloti ku sikimu, ulipo mpunga wa kumtunda wotchedwa NERICA umene umadzalidwa m'munda wamba ndi mvula yokha, bola mvulayo ikhale yokwanira nthawi yomasula. Anautulukira ndi Monty Jones wa ku Sierra Leone m'zaka za m'ma 1990, pokwatitsa mpunga wa ku Asia, umene ndi mtundu wa mipunga yonse tatchulayi, ndi mpunga wachikhalire wa ku Africa umene anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Niger ku Mali akhala akulima kwa zaka pafupifupi 3,000. Chifukwa cha ntchito imeneyi analandira mphotho ya World Food Prize mu 2004.

FUNSO: Ine ndili ku Johannesburg kuno chaka chachitatu. Mpunga wopezeka m'mashopu ambiri ndi wachikasu, wolimba, ukapsa njere zimangoyoyoka koma kafungo kakwathu kaja palibe. Anzanga ena akuti amauthira mankhwala nchifukwa chake uli wachikasu. Zoona? Nanga pa mashelefu pali Basmati, Jasmine ndi ina yambiri, wofanana ndi wakwathu ndi uti? Kutumizitsa pa basi nthawi zonse sizikutheka.
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mankhwala mulibe. Muyang'ane pa paketipo mupeza palembedwa parboiled, kutanthauza kuti mpungawo usanapunthidwe, ukadali m'mankhusu mwake, anauviika m'madzi, nkuufutsa ndi nthunzi, nkuuyanikanso, kenako ndiye kuchigayo. Chikasucho chimachokera ku gaga amene mtundu wake umalowerera mkati pofutsapo, ndipo limodzi ndi mtunduwo mumalowanso mavitamini ena amene mu mpunga woyera wamba amatayika. Njere zake zimalimba, sizisweka wamba kuchigayo ndipo siziphweteka m'poto olo mutachulutsako madzi, nchifukwa chake ku Nigeria amaukonda pophika jollof, ku Bangladesh ndi kummwera kwa India nako ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Dziko la South Africa mpunga silimalima wokwanira nkomwe, pafupifupi wonse limaitanitsa, makamaka ku Thailand ndi ku India, ndipo wambiri ndi wofutsawu. Umafuna madzi ochulukirapo ndi nthawi yotalikirapo pamoto. Koma fungo lakwathu lija simulipezamo.

Kuti musasokonezeke pa shelefupo gwirani mfundo imodzi. Sitalichi wa mu mpunga ali pawiri, wina amatchedwa amylose wina amylopectin. Mpunga wokhala ndi amylose wambiri ukapsa umayoyoka, njere iliyonse payokha, ndipo ukazizira umalimba. Wokhala ndi wochepa umafewa ndi kumatana. Mitundu yonse imene mukuionayo kusiyana kwake kwakukulu kwagona pamenepo.

Basmati amalimidwa kumpoto kwa India ndi ku Pakistan, makamaka chigawo cha Punjab. Njere zake ndi zazitali zowonda, akapsa zimatalika pafupifupi kawiri osanenepa, ndi wouma woyoyoka, ndipo wabwino amayamba wasungidwa chaka kapena kupitirira asanagulitsidwe. Muzimuviika mphindi 20 kapena 30 musanaphike. Ndi wa biriyani ndi pilau ameneyo. Jasmine ndi wa ku Thailand, wofewa, womatana pang'ono, iyeyo amakoma akadali watsopano ndipo safuna madzi ambiri, kapu imodzi ya mpunga kapu imodzi ndi kota ya madzi zakwana. Kwa ine Kilombero ali pakati pa awiriwa, ndipo amene angakufikitseni pafupi ndi kwathu pa fungo ndi kufewa ndi Jasmine. Mukamuphika ndi timafuta pang'ono ndi mchere, pambali nyemba kapena nkhuku, mtima ukhalako pansi.

Musatengeke ndi wa njere zazifupi zozungulira uja olo utakwera mtengo chotani. Wina ndi wa sushi wa ku Japan umene umayenera kumatana kuti aumbe, wina ndi Arborio wa ku Italy umene amaphikira risotto, chakudya chimene chimafunika chikhale cha phalaphala dala. Uliponso womata kwambiri wa ku Laos ndi kumpoto chakummawa kwa Thailand umene amylose mulibiretu, eni ake amauphika ndi nthunzi nkumadya ndi manja. Yonseyo ndi yabwino pa zakudya za kwawoko, koma inu mukauphika mwa kwathu mudzangokhumudwa nkumati mwagula woonongeka.

FUNSO: Ndimaphika m'maukwati ndi m'zinkhoswe komanso ndili ndi kalesitilanti. Vuto langa mpunga wa m'poto wamkulu umakonda kukhala phala pansi, pamwamba wosapsa, makamaka miyezi ino. Komanso ndi mtundu uti umene umatupa kuti anthu ambiri akwane?
Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Mwati makamaka miyezi ino, ndipo yankho lagona pomwepo mayi. Mpunga wongokolola kumene umamwa madzi ochepa ndipo umafewa msanga, pamene wogonera miyezi ingapo umamwa ambiri, umatupa bwino ndi kuyoyoka. Nde muyezo wa madzi umene unkakuyenderani mu Febuluwale ndi mpunga wa chaka chatha, mu Juni ukupatsani phala. Kwa watsopano yambani ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi pa kapu ya mpunga, kwa wakale mutha kufika makapu awiri, ndipo poto akamakula madzi muzichepetsako chifukwa otuluka ngati nthunzi amakhala ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa mpungawo. Thumba lililonse latsopano muziyamba mwaliyesa ndi kapu imodzi kunyumba, osakaliyesera pa ukwati wa eni ake.

Tsukani mpaka madzi ayambe kuyera, kaufa kamene kamatsalira kuchigayo ndi kamene kamamatanitsa. Thirani m'madzi owira kale, vundulani kamodzi, madzi akangophwa chotsani nkhuni zambiri pansi, vindikirani bwino ndi kuika makala pamwamba pa chivindikiro mmene amachitira amayi athu, kuti moto uchokere mbali zonse. Kuvundulavundula ndi kumene kumaphwanya njere. Ndipo bola mapoto awiri apakatikati kusiyana ndi chimpoto chimodzi chodzaza mpaka kukamwa.

Pa kutupa, Mtupatupa dzina lake si lopatsidwa mwangozi, ndipo Pussa naye amayesetsa. A chikhamu ndi amenewo. Kilombero muziphika payekha kwa amene alipira mtengo wake, ndipo mwini ukwati muzimuuza poyera kuti ndalama yakeyo ikukwana uti. Kuwasakaniza m'poto mmodzi kuti wina abweretse fungo wina kutupa ndi kumene kumabala zapansi phala zapamwamba zosapsa, chifukwa aliyense ali ndi nthawi yake yopsera.

FUNSO: Bambo anga awapeza ndi matenda a shuga ndipo amakonda mpunga kwambiri. Ena akuti tiziwagulira mpunga wa bulauni ndiye atha kudya mmene angafunire. Kodi umenewu ndi mtundu wanji, umalimidwa kuti?
Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achemwali, wa bulauni si mtundu wapadera wolimidwa kwina ayi. Kilombero, Faya, Pussa, aliyense atha kukhala wa bulauni. Ndi mpunga umene angouchotsa mankhusu okha nkusiya gaga ndi kamtima kake, mmene mgaiwa umasiyanirana ndi ufa woyera. M'gagamo ndi mmene muli zothandiza m'mimba, timafuta ndi mavitamini, makamaka B1. Kale ku Asia anthu ambiri amene ankadalira mpunga woyera wokhawokha ankadwala beriberi, matenda ofooketsa miyendo ndi mtima, ndipo dokotala wa ku Netherlands Christiaan Eijkman, akugwira ntchito ku Java m'zaka za m'ma 1890, anaona kuti nkhuku zodya mpunga woyera zikudwala mofananamo koma zikapatsidwa wosachotsa gaga zikuchira. Ntchito imeneyi inathandiza kuti mavitamini adziwike ndipo analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1929.

Koma zoti bambo atha kudya mmene angafunire, ayi ndithu, chonde musawauze zimenezo. Wa bulauni nawo ndi sitalichi ndipo umakweza shuga, kungoti pang'onopang'ono kusiyana ndi woyera wofewa. Basmati ndi wofutsa uja nawonso sathamangitsa shuga ngati mpunga womatana kapena phala la mpunga. Chachikulu ndi muyezo, mpunga ukhale pang'ono pambali, mbale idzaze ndi masamba, nyemba kapena nsomba, ndipo kuchuluka kwake akakuuzeni a kuchipatala kumene bambo amalandirako mankhwala poti iwo ndi amene akudziwa mmene shuga wawo akuyendera.

Mukaufuna simusowa kulowa m'shopu yodula, gulani wosapuntha mukapemphe a chigayo kuti angochotsa mankhusu ngati makina awo amatha kutero, apo ayi mtondo umagwira ntchito imeneyi bwinobwino. Muzikonza wochepa chifukwa timafuta ta m'gaga timaupangitsa kuti uyambe kununkha moipa pakapita miyezi yochepa, anankafumbwe nawo amaukonda. Pophika uviikeni kaye, umatenga mphindi 40 kapena 45. Mkute wa mpunga uliwonse, woyera kaya wa bulauni, usamagone pa tebulo kunja kukutentha, muli tizilombo tina timene sitifa pophika ndipo timaswana mpunga ukamazizira pang'onopang'ono. Ngati fuliji palibe phikani wongokwana.

FUNSO: Pa WhatsApp pakuyenda vidiyo yoti kunja kwabwera mpunga wa pulasitiki, munthu akuumba kampira nkumenyetsa pansi kakudumpha. Tiziopa?
Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO: Musaope achimwene. Tengani mpunga wolimidwa ndi agogo anu omwe, muphike, muukanye mwamphamvu m'manja nkuponya pansi, udumpha ndithu, ndi khalidwe la sitalichi limenelo. Pulasitiki samwa madzi, satupa ndipo sangafewe m'poto mpaka munthu kutafuna osazindikira. Mphekesera imeneyi inavuta kwambiri ku Nigeria mu Disembala 2016 pamene a kasitomu ku Lagos anagwira matumba amene ankawaganizira, koma atayezedwa pulasitiki sanapezekemo. Zoti muzisamala nazo zenizeni ndi mpunga wa fungo la chuku, wa anankafumbwe, wa timiyala, ndi wonyowa umene unaikidwa m'thumba usanaume. Vidiyoyo musaitumizenso kwa ena, imangoonongera malonda anthu osalakwa.

FUNSO: Ndimagula mpunga wosapuntha kwa alimi nkukapunthitsa kuti ndizigulitsa. Ulendo uno Kilombero wanga pafupifupi theka watuluka wosweka, ogula akukana mtengo. Wa chigayo akuti vuto ndi mpunga, mlimi akuti vuto ndi chigayo. Wolakwa ndani?
Bambo wa ku Nkhotakota

YANKHO: Onse awiri atha kukhala ndi mbali yawo bambo, koma nthawi zambiri njere imafika kuchigayo itang'aluka kale mkati, makina amangomalizitsa. Mpunga wa njere zazitali ngati Kilombero ndi Faya ndi umene umasweka msanga kuposa wa njere zazifupi. Ming'aluyo imabwera mpunga ukachedwa kumwetedwa nkumaumira m'munda usana, usiku mame, mawa dzuwa, kapena ukayanikidwa mopyapyala pa simenti kapena pa tala dzuwa lili phwee tsiku lonse, kapenanso wouma kale ukanyowa ndi kamvula nkuyanikidwanso. Nthawi yabwino yomweta ndi pamene njere zambiri pa ngala, 8 mwa 10 zilizonse, zasanduka zachikasu, pafupifupi mwezi umodzi kuchokera pomasula. Poyanika pakhale lona kapena mkeka, mpunga wokhuthalako, kuutembenuza pafupipafupi, dzuwa likafika paliwombo kuuunjika ndi kuuphimba kaye. Chinyezi choyenera popuntha ndi cha m'ma 14 peresenti, ndipo poti kachipangizo koyezera ambiri tilibe, lumani njere, iziduka ndi kaphokoso koma isamanyenyeke ngati ufa.

Pogula kwa mlimi muzisenda njere 20 kapena 30 ndi zala, nkuziyang'ana pa kuwala kwa tochi ya foni, yong'aluka imaonetsa kamzere kopingasa mkati. Zikachuluka zotero mtengo mukambirane pomwepo. Kuchigayo nako yambani ndi ndowa imodzi muone, tizigayo tachitsulo timene timachita zonse nthawi imodzi timaswa kwambiri kusiyana ndi makina okhala ndi malabala ochotsera mankhusu, ndipo malabalawo akatha nawonso amaswa. Pa makilogalamu 100 a wosapuntha, chigayo chabwino chimakupatsani pakati pa 65 ndi 70 a woyera, pafupifupi 20 amapita ku mankhusu, otsalawo ndi gaga amene musamusiye kumeneko poti a nkhumba ndi nkhuku amagula.

Umene wasweka kalewu musaugulitse chisakanizire, mutaya pawiri. Upeteni kapena kuusefa, wathunthu mugulitse pa mtengo wa Kilombero, wosweka paokha pa mtengo wotsikirapo. Fungo ndi kakomedwe zimakhala zomwezo, ndipo amayi ophika phala la mpunga la nsinjiro, a tiyi m'mamawa ndi a m'masukulu a mkaka amaufuna kwambiri chifukwa umapsa msanga. Ku Senegal chakudya chawo chotchuka cha mpunga ndi nsomba, thieboudienne, amaphikira dala mpunga wosweka. Mukapeza makasitomala awiri atatu a phala okhazikika, wosweka wa ulendo uno utha mwezi usanathe, ndipo ulendo wamawa mukapite kwa mlimiyo nthawi yomweta isanafike mukagwirizane za kayanikidwe.